Mlonda wa M'kabati

Mzime anaupeza mpirawo m'kabati ya magalasi, pakati pa mbale za alendo, ukadali m'katoni yake.

"Bambo, uwu ukutani muno?"

A Mawotchi sanadzutse mutu. Anali pawindo, kagalasi kali padiso, akutokosa m'mimba mwa wotchi ya munthu wina.

"Ndausunga," anatero.

Mpirawo anawagulira ndi iyeyo, mwana wawo womaliza, katani ya kukhitchini itapsa. Tsikulo bambo ake anatereka mafuta pachitofu, n'kubwerera ku mawotchi awo, n'kuiwala. Anazimitsa ndi aneba. Unali mpira wofiira, waukulu ngati mutu wa khanda, wodzaza ndi ufa wozimitsa moto. Lawi likangounyambita umaphulika wokha, ufawo n'kukwirira motowo, kaya mwini nyumba wagona kaya wachoka. Koma umafunika kukhala poyera, pafupi ndi pomwe moto ungayambire.

Mzime anafotokozanso zonsezi, ngakhale ankadziwa kuti bambo ake anazimva bwinobwino ulendo woyamba.

"Mwalemba mlonda n'kumutsekera m'kabati," anatero. "Motowo udzayamba wagogoda?"

"Ungade ndi utsi."

"Tsoka silinunkha, bambo."

"Langa linanunkha. Mpaka kwa aneba."

Mzime anafuna kuseka, koma anadzigwira. Anawakumbutsa zimene ana onse anagwirizana: mpirawo ukapanda kukhala pakhoma, achimwene abwera ndi galimoto kudzawatenga, akakhale kwawo, nyumba ino alowemo ena. Chiyambireni kukhala okha, amayi atamwalira, aka sikanali koyamba kuiwala poto pamoto.

A Mawotchi anangopukusa wotchi ija n'kuiika kukhutu.

Mzime anatenga kachitsulo kokhazikapo mpirawo n'kulowa kukhitchini kuti akhome yekha. Khitchini yake inali yopanikiza. Uku windo, uko mashelefu. Malo oyenera anali amodzi okha, pakhoma la pambali pa chitofu, chakumwamba. Pamenepo panali kale msomali, ndipo pamsomalipo panali epuloni ya amayi ake, yobiriwira, ya timaluwa tofwifwa. Anaikoleka ndi eni ake tsiku limene ankapita kuchipatala. M'munsi mwake munali mutawauka ndi moto uja.

Mzime anaima akuyang'ana epuloniyo, kachitsulo kali m'manja. Atatembenuka anapeza bambo ake ali pakhomo.

Anawauza mofatsa kuti aichapa, aisita, aiika bwino m'sutikesi. Iwo anapukusa mutu. Anati nanga aisunthire kuseri kwa chitseko? Anapukusanso mutu.

"Ndiye achimwene ndikawauze chiyani?"

Bambo ake anangoyang'ana epuloni ija. Mzime anasiya kachitsuloko patebulo n'kutuluka. Anakhala pakhonde, foni ili pamiyendo, osaimba. Mumsewu munadutsa ngolo ya wogula zitsulo zakutha, kenako ana ochokera kusukulu.

Ali pomwepo anamva nyundo. Inkagogoda pang'onopang'ono, mmene amagogodera munthu wozolowera zinthu zing'onozing'ono. Inaleka, inayambanso, kenako zii.

Atalowa anapeza mpira uli pakhoma, wakhala bwino m'kachitsulo kake, osapendekeka ngakhale pang'ono. Msomali wakale unali patebulo, atauwongola. Bambo ake anaima pakati pa khitchini atavala epuloni ija. Inkawalekeza pamwamba pa mawondo. M'thumba lake anali ataikamo kale kagalasi kawo ndi tizitsulo tomasulira mawotchi.

Anamufulatira, manja ali kumbuyo, akulimbana ndi zingwe zimene sizinkakumana.

"Tandimanga," anatero. "Amayi ako anali ochepa thupi."

Mzime anayang'ana uku ndi uku, kenako anadula kachingwe ka katani yatsopano n'kulumikiza. Anamanga mfundo ziwiri.

"Yathina?"

"Ayi."

Bambo ake anabwerera pawindo paja n'kutola wotchi ija. Mzime anatereka madzi a tiyi, n'kukhala pampando pafupi ndi chitofu kudikira kuti awire.