Nsomba Zouma pa Chilanga Mulilo cha Nkandu

Nkandu atatumiza mawu kuti akubwera ndi mwamuna kuchokera ku Canada, komwe ankagwira ntchito ya unesi, dera lonse la Chilenje linati Bana Nkandu, mayi ake, atola mkamwini mzungu. Woyamba kufika anali mlamu wawo, Ba Josephine a ku Kabulonga. Asanakhale n'komwe analamula kuti pa chilanga mulilo, mwambo woonetsa mkamwini zakudya za kwa mkazi, pasaoneke finkubala, mphalabungu zija, kapena nsomba zouma. Mzungu akangotseka mphuno, ukwati wathera pomwepo. Bola kuitana ophika a ku hotela.

Bana Nkandu sukulu anaisiya asanadziwe kulemba kalata, koma anali atagulitsa nsomba ku City Market zaka makumi awiri, ndipo katundu sankagula asanafunse kumene wachokera. Anaimbira mwana wawo foni.

Nkandu anati mwamunayo, Paulusi, si mzungu. Anthu ake ndi Ainuiti, eni nthaka a kumpoto kwenikweni, kumene kulibe mtengo ndi umodzi womwe, nyanja imaundana mpaka anthu kuyendapo, ndipo nyengo yozizira dzuwa limangosuzumira. Azungu anawapeza ali komweko. Amayi ake a Paulusi anatengedwa ali mwana kupita kusukulu yakutali, kumene ankalangidwa akayankhula chinenero chawo. Mu 1999 ndi pamene anthuwo anapeza dera lodzilamulira, Nunavut.

"Iwe, izo ni za ba ticha," mayi ake anamudula. "Bakudya chani?"

Anati nyama ya m'nyanja, ndi nsomba zoyanika pamphepo.

Bana Nkandu anadula foni osatsanzika. Ba Josephine anapempha kuti theka la mbale likhale lachizungu. Anakanidwa. Anatsika kufika pa mbale zisanu, kenako zitatu, ndipo anakwera galimoto ataloledwa imodzi yokha, ya saladi. Pochoka anachenjeza kuti zikavuta, banja lonse lidzadziwa amene wawonongera mwana.

Loweruka masana azimayi analowa ndi ng'oma panyumba ya alendo ku Woodlands, miphika ili pamutu. Bana Nkandu anauzidwa kuti atsale kunyumba ndi mkwatibwi, koma mtima sunawalole. Anakwera minibasi n'kukaima kumbuyo kwa azimayiwo, pafupi ndi chitseko.

Paulusi anakhala pampando, pambali pake amayi ake, munthu wamfupi wokhala ndi mphini zotsika pachibwano. Alangizi anayamba kuvundukula mbale imodzi imodzi: chikanda, ifisashi, finkubala. Akawalozera mbale, mayiwo ankangokweza nsidze. Ba Josephine anabwerera cham'mbuyo kudzanong'oneza.

"Mwaona, mulamu? Banyansidwa. Ninakamba ine."

Bana Nkandu anayang'ananso mkamwiniyo. Mwina anagula katundu woola.

Kenako linafika dengu la buka buka wouma, amene Bana Nkandu anasankha okha mmodzimmodzi. Amayi a Paulusi anaimirira. Anatola nsomba, kuinunkhiza kumimba, kuipinda pang'ono, n'kuiyang'ana pakuwala. Bana Nkandu anangoti mumtima, uyu ndi mnzanga, kasitomala wamba sayang'ana kumimba. Mayiwo anabenthula kachidutswa, kutafuna, n'kukwezanso nsidze mpaka m'tsitsi.

Paulusi anaseka, nafotokoza m'Chingelezi kuti kwawo kukweza nsidze ndiko kuvomera, wokana amakwinya mphuno. Amayi ake avomera mbale zonse, ndipo akufuna kuona munthu amene anasankha nsombazi. Panalibe womasulira. Maso onse anapita kwa Ba Josephine, amene Chingelezi chawo chinkadziwika mpaka kutchalitchi, ndipo anamasulira liwu ndi liwu, nkhope ili pansi.

Bana Nkandu anapita kutsogolo chitenje atamangitsa. Mayi awiriwo anakhala pamphasa, dengu lili pakati. Wina anafunsa kuti utsi woumitsira nsombazo ndi wa mtengo wanji, mnzake n'kufunsa kuti mphepo yokha imaumitsa nsomba masiku angati. Ba Josephine anamasulira mpaka kukhosi kuuma, ng'oma zikulira, azimayi akululutira.

Pobwerera, miphika yonse inali yopepuka kupatula mbale imodzi. Bana Nkandu anainyamula okha n'kukaiika pampando wa galimoto ya mlamu wawo.

"Ba Josephine, tengani saladi yanu. Ingafote."