Nsapato Zake Zili Pakhomo

1.
Nsapato zake zili pakhomo. Mapatapata abuluu, lamba wina womanga ndi kawaya. Kawayako ndinamanga ndine, tsiku lomwe tinamaliza mayeso a Fomu 4, lambayo ataduka tikuthamangira lole.

Fostina ali m'kati. Ine, Venansi, ndili panja, panjerwa.

2.
Kuseri kwa tchalitchi chathu kuli kachipinda. Lachinayi lililonse masana anthu amavula nsapato, kulowa, kukhala pamphasa n'kutseka pakamwa. Mulibe nyimbo, mulibe kolona, ngakhale Ameni mulibe. A Sisitere Skolastika amagwedeza kabelu poyamba ndi potsiriza, basi.

Ndinamufunsapo Fostina. Mumatani m'menemo, iwe?

Timangokhala.

Ndi ndani?

Ndi Iye.

Amakuuza chiyani?

Vena, si zofunsa choncho.

Nanga zofunsa bwanji? Ine ndikangokhala chete pang'ono umati ndakwiya.

Anaseka. 

3.
Zimene ine ndamupatsa Fostina:
magwafa a kwa azakhali
juzi yanga, m'chisanu cha Juni, ine mano akugundana
mpando wa pawindo m'minibasi
ndakatulo zambiri, ina yake yokoma ndithu
dzina la mwana wathu woyamba, amene sanabadwe

Zimene amamupatsa wa m'kachipindamo:
zii.

Ndipo akupambana ndi iyeyo.

4.
Anandiuzira pamlatho, Lamulungu lapitali, tikugawana chimanga chootcha.

Loweruka a Sisitere akupita kuphiri, kwa masisitere aja osatuluka. Akuti ngati ndikufuna ndikwere nawo.

Aja oti ngakhale mayi ako amakuonera pakawindo ka mawaya?

Omwewo.

Ndiye wawayankha kuti chiyani?

Sindinayankhe. Ndikufunsabe.

Ukufunsa ndani? Ine ndili pano, pakamwa ndili napo.

Iwe vuto lako ndi lomwelo, anatero, akundichotsa kanjere pamlomo.

Loweruka. Mawu oipa. Kale linali tsiku la mpira.

5.
Ndikanakonda wondilandayo akanakhala mnyamata, wa kabaza kapena wa ku koleji wovala magalasi, woti ndimudikire pamphambano ndimuyang'ane m'maso ndimuuze kuti aise mtsikana uyu ndinayamba kumuona ndine ali Fomu 2 akulira chifukwa cha masamu, ndipo nyumba yathu ndinaimanga kale m'mutu, ya malata ofiira, ya khonde loyang'ana kunjanji, iye akuyanika zovala ine ndikuchokera kuntchito imene sindinaipeze ndi zotsatira za mayeso zimene sizinatuluke, koma nyumbayo ilipo, ndimadziwa ngakhale pamene pamadontha mvula ikagwa, ndiye munthu sangangobwera osalankhula kanthu osagula ngakhale chimanga n'kumutenga Loweruka ngati katundu wa a Sisitere

6.
Nsapato zake zili pakhomo. Lachinayi lina pambali pake panali zina, zachimuna, zakuda, zopolisha bwino. Zinagundana ndi mapatapata ake. Ndinakondwa, ndisaname. Ndinati wapezeka.

Ndinazilondera mpaka kabelu. Mwini wake anatuluka akutsimphina. A Chimbalanga, mkulu uja anapuma ntchito kunjanji.

Mwana wanga, nsapatozi zakulakwira chiyani?

Ayi bambo. Ndimangofuna kudziwa, mumamva chiyani m'menemo?

Ine? Kawirikawiri chigayo cha kumsikachi. Nthawi zina mkonono wanga.

Ndiye mumabwereranji?

Anakhala pansi, kuvala yakumanzere, kupuma kaye.

Chimwalirireni mayi akunyumba, kwanga kuli zii kopanda munthu. Muno muli zii, koma muli munthu.

Anapita. Ndinatsala ndi mapatapata abuluu aja. Wondilanda uja alibe n'komwe nsapato.

7.
Ndiye ndilankhula ndi Inu, poti mwasankha kukhala chete.

Muli nawo masisitere dziko lonse. Muli ndi amayi a Lejiyo, a kwaya, angelo amene sagona. Ine ndili ndi mmodzi, ndipo nayenso sanandiyankhe bwinobwino. Simunamunyamulirepo thumba la mgaiwa. Simudziwa kuti amaopa atsekwe. Chabwino, mukudziwa. Koma simunawathamangitsepo.

Mumamuuza chiyani chimene ine sindingachilembe?

8.
Lachinayi. Lotsiriza.

9.
Venansi akuvula nsapato zake zasukulu. Akuziika pakati, pakati penipeni, mapatapata uku, za a Chimbalanga uko. Chala chachikulu chasuzumira pasokosi.

A Sisitere Skolastika amuimitsa pakhomo, kabelu kali m'manja.

Achimwene, lero njerwa ija yatentha?

Ndabwera kudzaona, Sisitere.

Muno mulibe choona. Mwabwera kudzapemphera kapena kudzalondera?

Venansi akuyang'ana chala chake.

Lowani, zonse ziwiri zimayamba ndi kukhala pansi. Ganizo likabwera musalikalipire, komanso musalipatse mpando. Liperekezeni pakhomo ngati mlendo, mubwerere. Likabweranso, muliperekezenso.

Likapanda kuchoka?

Ndiye mwapeza ntchito, poti mumadandaula kuti mukungokhala.

10.
Ndakhala kumbuyo kwake. Kutsogolo kuli kandulo ndi kanyali kofiira. Kabelu.

Ndabwera ndi mlandu, mawu ndakonza kale, ndiwanena m'mtima mpaka Amve.

Alendo:
khosi la Fostina
sokosi
chigayo
khosi la Fostina
Loweruka
bondo likuwawa
a Chimbalanga ayamba kale
malata ofiira

Ndikuperekeza. Ndikubwerera. Ndikuperekeza. Ndingochita kuti ndikamuuze Fostina kuti ndayesa, mulibe kanthu, tiye tizipita. Loweruka lakana kutuluka, ndaligwira dzanja. Nyumba ija yatuluka yokha, ndi khonde lake lomwe. Tsopano mlandu uja. Ndiyambe ndi atsekwe. Ndiyambe ndi. Mawu aja anali pompa. Ndikuwafuna, ndipo pali wina akudikira kuti ndiwapeze, sakufulumira, sakundiseka, wakhala akudikira kuyambira

11.
Ndine Fostina, ndipo nanenso ndinene.

Chiyambireni kulowa m'kachipindaka sindinamvepo kanthu. Ngakhale kamodzi. Vena amaganiza kuti ndikatseka maso kumwamba kumatseguka. Mlendo wanga ndi mmodzi yekha, wa makutu aakulu ndi ndakatulo zosatha. Ndimamuperekeza pakhomo mwaulemu, ndikabwerera ndimamupeza wakhala kale pamphasa panga, akudya gwafa. Ola lonse, Lachinayi lililonse. A Chimbalanga bola amagona.

Kuphiri ndinkafuna kupitako chifukwa ndinkati mwina kumeneko sangafike. Lero, ndikumva bondo lake likulira kumbuyo kwanga, ndinasiya kudzinamiza. Ndinati basi, Loweruka a Sisitere apita okha. Ndimuuza tikangotuluka, ndione mmene makutu aja achitire.

Kabelu katalira ndinatembenuka kuti ndimutsine.

Sanali m'tulo. Tulo take ndimatidziwa, tinkakhala kalasi imodzi. Maso anali otseka pang'ono, misozi yatsikira mpaka pakolala, iye osaipukuta. Nkhope imeneyo ndinaionapo pa a Sisitere okha. Ndi imene ndakhala ndikuipempha mpaka maondo kuchita zipsera. Iyeyu, tsiku loyamba, wobwera kudzayambana, chala chili panja.

Ndinati Vena. Sanamve.

A Sisitere anandigwira paphewa. Musiye, mwana wanga.

Koma Sisitere, ndili naye mawu.

Mawuwo adikira.

Inu, chilungamo chake n'chimenechi? Ine ndinabwera ndekha, Inu osatuluka. Uyu mwamuonera pati?

Anthu onse apita. Chigayo chazima. Ndakhala panjerwa yake ija, ndi yolimba, sindikudziwa ankatha bwanji. Yankho langa lili m'kamwa, layamba kuzizira. Akamatuluka ndimufunsa kuti amuuza chiyani, ndipo akangoyerekeza kunena kuti si zofunsa choncho, ndimugenda ndi patapata.

Sakutuluka.

Nsapato zake zili pakhomo.