Nyemba ya Assucena

Alda anakhuthula chitini pamphasa, ana asanu aja n'kusendera pafupi kuti aone bwino. Munali nyemba zitatu ndi njere ziwiri za chimanga. Nyemba zinali mavoti a Délcia, mwana wa mlamu wake, ndipo chimanga chinali cha Danilo, mwana wake woyamba.

"Wapambana ndi Délcia," anatero Alda motsitsa mawu.

Palibe anawomba m'manja. Délcia yemweyo anangozyolika ngati wapalamula.

Banjali linachoka ku Moatize pamene Custódio, mwamuna wa Alda, anachotsedwa ntchito pa kampani ina yonyamula malasha, ndipo linabwerera kumunda wa makolo kumapiri a Zóbuè. Sukulu inali kutali, kutsidya kwa mtsinje wosawolokeka nthawi ya dzinja. Alda anali ataphunzitsako ana kutauni, choncho anayala mphasa pansi pa mtengo wa mapeyala n'kuyamba kuphunzitsa ake awiri, a mlamu wake awiri ndi Silvério, mwana wa khomo loyandikana.

Chaka chimenecho kunali chisankho, magalimoto a zipani akudutsa mumsewu ndi zimkuzamawu, ana akufunsa kuti kuvota n'kutani. Koma kunena mosabisa, chisankho cha pamphasachi Alda anakonzera Danilo. Mnyamatayo mtima wake unali kuchipata cha malire, kumene anzake ankasenza katundu wa apaulendo, ndipo maphunziro anali atamukwana. Mayi ake anaganiza kuti akakhala pulezidenti wa kalasi, wogawa ntchito ndi wosunga mpira, mwina akhazikika. Anawerengera mmene Daniloyo anawerengera: voti yake yomwe, ya mnzake Silvério ndi ya mlongo wake wamng'ono, Assucena. Délcia akanatsala ndi yake ndi ya mlongo wake Cândido.

Danilo anadzuka n'kumugwira Silvério pakhosi pa malaya.

"Ndiwe! Mapeyala anga wadya sabata yonse, lero wandigulitsa?"

"Ndaponya chimanga ine! Pali Mulungu, ndaponya chimanga!"

"Musiye mnzako," anatero Alda.

"Ndiye aliyense amene wandivotera akweze mkono, tione wabodza ndani."

Mkono wa Silvério unayamba kukwera. Alda anayang'ana Assucena, naona kamwanako katauma. Alda ankadziwa kale. Mwana aliyense anapatsidwa nyemba ndi chimanga, kuti akaponye chimodzi m'chitini kuseri kwa nkhokwe, chinacho akachitaye m'dengu lovindikira. Assucena anaiwala za dengu, anabwerako atafumbata chimanga chake, ndipo Alda anachilandira mwakachetechete n'kuchimanga pansonga ya nsalu.

"Tsitsani mikono imeneyo!"

Anali Custódio. Anali akukonza mpini wa khasu pakhonde, ndipo chiyambire m'mawa sanalankhulepo kanthu, chifukwa zandale pakhomo pake sankazifuna. Anabwera pang'onopang'ono n'kuima pamwamba pa ana.

"Iwe Danilo, ukudziwa chimene tikukhalira kuno? Tinachita msonkhano kuntchito, wofunsa zotchingira fumbi kumphuno. Wina anati, 'Ogwirizana nazo kwezani mikono.' Ndinakweza. Kapitawo anali ataima pakhomo, akungotiyang'ana mmodzimmodzi. Mwezi usanathe tonse okweza mikono tinali kunja kwa mpanda. Pakhomo panga pano palibe mwana adzakwezetsa mnzake mkono."

Anabwerera ku khasu lake. Ana anabalalika osauzidwa.

Madzulo Danilo anawapeza mayi ake akusankha nyemba kuseri kwa nyumba. Ukali unali utatha, panatsala manyazi, ndipo zimenezo zinamuwawa Alda kuposa kukalipa kuja.

"Mama, inu munaima pafupi ndi nkhokwe. Munaona."

"Ndinaona kapena sindinaone, sindinganene."

"Ndiye ndizikhala pamphasa imodzi ndi munthu wondiseka mumtima, osamudziwa? Mnzanga kapena mlongo wanga, ndani?"

"Chisankho china chibweranso, mwanangu. Udzifunse chimene munthu wakukanira, osati dzina lake."

"Mukapanda kundiuza, mawa ndikupita kumalire. Sindibwereranso pamphasa panu."

Alda anamuyang'ana. Ankamudziwa mwana wake, sankalankhula zoopseza chabe. Dzina lija linali pamilomo penipeni. Akanangoti "ndi Assucena, ndi mwana, sanadziwe chimene akuchita," Danilo akanakalipa, mwina akanakamenya khofi kamwanako, koma mawa akanabwera kudzaphunzira. Tsogolo la mwana wamkulu likanagulidwa ndi misozi ya tsiku limodzi ya wamng'ono. Komatu iye mwini anali atawalonjeza anawo m'mawa, asanawagawire mbewu, kuti kuseri kwa nkhokwe kulibe diso la munthu, ngakhale la mayi. Assucena anakhulupirira zimenezo.

"Sindikuuza, Danilo," anatero Alda.

Mnyamatayo anatembenuka n'kulowa m'nyumba.

"Bambo a Danilo, mulankhuleni mwana wanu," Alda anamuchonderera mwamuna wake pambuyo pake.

"Ndamulankhula kale, mayi a Danilo. Ndingamumange ndi chingwe, koma mutu wake udzakhala kumsewu. Musiyeni akalawe thumba pamsana."

Kutacha, Alda anayala mphasa monga mwa masiku onse. Anabwera ana anayi. Délcia anagawa ntchito monong'ona, mpira n'kuusiya patali osaukhudza. Silvério anakhala payekha, akuyang'ana malo a mnzake.

Assucena anasendera kwa mayi ake n'kuwakoka nsalu.

"Mama, achimwene anga a Danilo apita chifukwa cha ine?"

"Apita chifukwa cha mtima wawo."

"Amanditsina ndikalephera masamu. Ndinaopa kuti akakhala pulezidenti aziwonjeza." Anawayang'ana mayi ake. "Ndikawauza kuti ndine, abwera?"

Alda anamva mtima ukupweteka. Mwina akanabweradi. Anayang'ana njira yotsikira kumsewu waukulu, kumene malole anali atandandalika kudikira kuwoloka malire, koma sanaonemo munthu akukwera. Kenako anamugwira mwanayo dzanja n'kulifumbatitsa.

"Usawauze. Sunalakwe, wamva? Pita ukakhale pansi."

Assucena anakakhala. Alda anatenga choko n'kuyamba kulemba pathabwa, ndipo atatembenuka kuti afunse funso loyamba, dzina limene linatuluka pakamwa pake linali la Danilo.