Ziro ya Preben

"Makina anga sagwa," ndinamva Preben akuuza kasitomala watsopano pafupi ndi poto wa khofi. "Alendo anga amagona tulo tofa nato."

Ine ndinangopitiriza kupaka batala pa buledi wanga wakuda. Ndakalambira limodzi ndi Preben pa kampani yathu yaing'ono ya ku Viborg, ndipo ndinaphunzira kuti chinthu chosagwa chimakhala kuti wina wachimangirira chingwe kuseri.

Ntchito yathu ndi yobwereketsa malo. M'kompyuta imodzi yaikulu timasungamo makompyuta ongoyerekezera, aliyense wa kasitomala wake, ndipo timawatcha alendo. Kachigawo ka memore, momwe kompyuta imasungamo zimene ikukumbukira, kakawonongeka, kompyuta yaikuluyo iyenera kuuza mlendo kuti apa pavunda, usapakhulupirire. Mlendo akamva, nthawi zina amagwa n'kudzukanso. Zimachititsa manyazi, koma ndiyo njira yake.

Lachisanu chakumasana chenjezo lofiira linatulukira pa kompyuta yanga: memore yavunda. Mlendo wokhudzidwa anali wa labotale ya fakitale ya mkaka, kumene amayeza ngati mumkaka mwalowa mankhwala a ng'ombe. Ndinadikira kuti mlendoyo akuwe. Kunali zii.

"Preben, tabwera. Bwanji mlendoyu sanauzidwe?"

Anabwera monyang'wa, kapu ili m'manja. "Zimenezo ndinakonza kalekale, Aksel. Pakavunda, makina amangoikapo tsamba latsopano. Mlendo sadziwa n'komwe."

"Patsamba latsopanolo pamakhala chiyani?"

"Ziro yokhayokha."

"Nanga kwa amkakawa ziro ndiye kuti chiyani?"

Kapu ija inaima isanafike pakamwa.

Ndinaimbira Gunhild, mkulu wa labotaleyo.

"Thanki ya galimoto ya mkaka ili kale pa mpope," anatero. "Kompyuta yati mankhwala ziro. Tikuthira m'nkhokwe yaikulu."

"Usathire, Gunhild. Ziro imeneyo mwina ndi yathu, si ya ng'ombe."

"Iwe, mkaka sudikira anthu a makompyuta. Dalaivala akundiyang'ana ngati ndamudyera nkhomaliro. Khofi wangayu akatha, nditsegula mpope. Ndipo watsala wa pansi."

M'nkhokwe imeneyo mumasonkhana mkaka wa alimi a dera lonse. Thanki imodzi yoipa ikalowamo, wonsewo ndi wotaya, ngati wina wazindikira. Koma chotsekera uthenga wochenjeza mlendo anachiika ndi Preben, ndipo mawu achinsinsi ochitsegulira ankawadziwa yekha.

"Timusamutse mlendoyo mwakachetechete," ananong'ona Preben. "Apite pa makina ena, asagwe."

"Asamuka ndi ziro yakoyo."

"Ndiye Gunhild angoyezanso, basi."

"Ayezere pa kompyuta yomwe sikudziwa kuti ikudwala? Pavunda pangati, ukudziwa?"

Solveig, bwana wathu, anali ataima pakhomo atapinda manja. Mayi ameneyu akakhala chete, ngakhale mafani a makina amachepetsa phokoso.

"Mwina mkakawo ndi wabwinobwino," anatero Preben.

"Mwinadi," anayankha Solveig. "Kapu yoyamba umwa iweyo."

Pa foni ndinamva Gunhild akuika kapu patebulo. "Aksel, khofi watha."

"Tadikira! Preben, mzanga, lemba."

Munthu amene amatiseka kuti timalemba ngati nkhuku zotola chimanga analemba mawu achinsinsi aja ndi chala chimodzi. Analakwitsa, n'kuyambiranso. Kenako uthenga unadutsa, mlendo anamva za matenda ake, ndipo anagwa pomwepo, phi, aliyense akuona.

"Kompyuta yanga yafa!" anakuwa Gunhild.

"Ndi ife. Idzukira pa makina ena. Ikadzuka uyezenso."

Sindinadule foni. Ndinkamva injini ya thanki ikulira chapatali, dalaivala akutukwana, Preben akupuma pambali panga. Gunhild atabwerera, mawu ake anali atazizira.

"Mankhwala alimo. Thankiyi ikubwerera."

Kwathu wolakwitsa amagula keke, kvajekage, n'kunena yekha chimene anachita. Lolemba m'mawa Preben anayesa kuisiya kukhitchini mwakabisira, koma Solveig anamubweza nayo mpaka pa tebulo lalikulu. Tonse tinalipo, ndi Gunhild yemwe, amene anabwera dala kuchokera ku fakitale. Kasitomala watsopano uja nayenso anali atabwera kudzasaina, ndipo palibe anamuuza kuti adikire panja.

Preben anakhosomola. "Makina anga amagwa," anatero. "Ndinkangowatseka pakamwa."

Gunhild anadula chidutswa chachikulu, n'kununkhiza kirimu wake.

"Kirimuyu ndi wa kwathu," anatero. "Idyani. Ndinayeza kawiri."