Piki ya Nyanga

"Taimani kaye, achimwene," ndinatero ndikuvula mahedifoni. "Gitala yanuyi yadwala chimfine?"

A Eliot anandiyang'ana kudzera pagalasi lolekanitsa chipinda choimbira ndi pamene ndimakhala ine. Situdiyo yanga ndi kachipinda ka pamwamba pa sitolo ya nsalu ku Limbe, ndipo makoma ake ndinamata matiresi akale kuti phokoso la oitanira minibasi lisalowe. Linali Lachitatu masana, tikujambula nyimbo za amayi a Mvano a ku mpingo kwathu. Amayiwo anali ataimba kale mbali yawo, kunangotsala gitala.

"Yatani?" anafunsa.

"Ikulira ngati jumbo yokodwa pa waya."

Anthu amati ndine wapakamwa, ndipo sindikana. Koma khutu langa silinandinamizepo. Ndinali nditajambula achimwene anga kwa zaka khumi ndi zisanu, moti nyimbo yawo ikayamba pa wailesi ndinkaizindikira woimba asanatsekule pakamwa. Chinsinsi sichinali m'gitala ayi, poti gitala yawo inali yakaunjika. Chinali mu piki, kachinthu kokhwatchira nsambo kaja. Yawo inali ya nyanga ya ng'ombe, yokhuthala ngati ndalama yachitsulo, yomaliza mwa zitatu zimene bambo athu, a Lackson, anasema okha asanathawe nkhondo ku Milange.

Nyanga sipindika. Ikakumana ndi nsambo, imagonja ndi nsamboyo, ndipo mawu amatuluka onenepa, odzaza, ofika mpaka m'chifuwa. Koma ili ndi lamulo lake: uigwire molimba. Ukaigwira mwaulesi nsambo imakulanda, n'kuiponya uko.

"Tandionetsani chimene mwagwiracho," ndinatero.

Anakweza kapulasitiki kofiira, kopyapyala moti kuwala kwa babu kunkadutsa.

"Za masiku ano izi, Esnat. Achinyamata akufuna saundi yopepuka."

"Amayi a Mvano asanduka liti achinyamata? Ya nyanga ili kuti?"

"Ili kunyumba. Tiye tijambule iwe, usandichedwetse."

Anaseka, inenso ndinaseka. Koma pamene ndinkakonza makina, ndinaona akulowetsa dzanja lawo lamanja pansi pa ntchafu, munthu amene chibadwire samatha kulankhula popanda kugwedeza manja. Tinajambula. Kwa nthawi yoyamba ndinachita kuwonjezera mawu okhuthala pa makina kuti gitala yawo imveke ngati yawo. Kulira kopyapyala kumeneko ndinali nditakumvapo kale m'nyumba mwathu, ndipo mwini wake tinamuika m'manda.

Bambo ankakonza mawotchi pakhonde la sitolo ina m'tauni ya Blantyre, ndipo Loweruka ankaimba gitala m'maukwati. Anali ndi zala zimene sizinkaphonya. Akaweruka ankatiitana ine ndi a Eliot kuti tichite masewera awo otchedwa "gwira ndikoke". Mwana ankapana piki ya nyanga pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala, bambo n'kugwira mbali inayo ndi zala zawo ziwiri, n'kukoka. Wokana kulandidwa ankalandira siwiti. Kwa zaka zambiri siwitiyo ankadya okha, akutiseka kuti tili ndi zala za phala.

Kenako a Eliot anayamba kuwina. Patapita miyezi ingapo, ine wa zaka khumi ndi ziwiri ndinawinanso. Ndinavina bwalo lonse la kwathu ku Nancholi, siwiti ili m'tsaya, ndikuuza ana a oyandikana nafe kuti ndagonjetsa bambo. Sindinadabwe kuti n'chifukwa chiyani iwo anazungulira kuseri kwa nyumba n'kukhalitsako. Ndinkayesa ndine amene ndikukula mphamvu.

Chaka chomwecho anasiya piki ya nyanga n'kuyamba kudula zofewa pa zivindikiro za majarini. Piki inkawapulumuka n'kugwera m'bowo la gitala, iwo n'kumaigwedeza chadodolido, ife kuseka chikhakhali. Zitatha izo anayamba kugwetsa tizitsulo ta mawotchi. Inatsatira supuni, mabatani a malaya, miyendo, ndipo pomaliza mawu. Zonsezi zinatenga zaka ziwiri ndi theka. Kuchipatala anatchula dzina lalitali la matendawo, n'kunena kuti alibe mankhwala ndipo m'mabanja ena amayenda m'magazi. Dokotala atafunsa ngati analipo wina kumtundu, bambo anayankha movutikira kuti, "Bambo anga, ndi mlongo wanga." Ine ndinali pakhomo, ndinamva. Chichokereni ku maliro, ine ndi a Eliot sitinaikambepo nkhaniyo ngakhale kamodzi.

Loweruka lina, patapita masabata atatu kuchokera Lachitatu lija, tinali pa ukwati m'holo ina ku Chimwankhunda. Ine ndinali kumbuyo pa mikisa, makina osakanizira mawu, a Eliot kutsogolo ndi bandi yawo. Dzuwa linali litatentha malata, anthu thukuta kamukamu. Akwati anayamba kulowa akuvina, ndipo pamenepo ndi pamene gitala imayenera kutsogolera yokha. Achimwene anaiyamba bwino, ngakhale ndi kapulasitiki kawo kophaphalika. Ndinayamba kudzinyoza kuti ndine wamantha, ndikulirira munthu wamoyo.

Ali pakati, ndinamva m'mahedifoni kaphokoso kakuti thi! Kenako mawu a gitala anasintha, anakhala obuntha, ngati munthu akulankhula atafunda bulangete. Ndinaimirira. A Eliot ankakwapula nsambo ndi m'mbali mwa chala chachikulu, dzanja lonse likuyenda kuchokera pachigongono ngati akupuntha fumbi. Nkhope ikumwetulira, koma maso ali pansi, akufunafuna. Azimayi ankaimba nthungululu, mkwatibwi akudikula, ndipo panalibe ndi mmodzi yemwe amene anamva kanthu. Ndinakweza kiyibodi kuti iwaphimbe.

Ukwati utatha anachoka msanga, akuti mutu. Ine ndikukulunga mawaya ndinaipeza piki yofiira ija pansi pa sipika. Ndinaitembenuza m'manja. Anali ataiboola timabowo tisanu ndi msomali wamoto kuti isamaterere. Mbali imodzi anamatapo kachidutswa ka sandipepa. Mbali inayo panali guluu wouma uja womatira nsapato, ndipo pa guluupo panatsalira kachikopa koyera kokhala ndi mizere ya chala. Achimwene anga anali atadzimata piki pachala, ndipo ngakhale guluuyo anali atalephera. Ndinachita mantha amene sindinachitepo chimwalirire bambo, ndipo ndisaname, theka la manthawo linali la ine mwini.

Mawa lake nditatuluka m'tchalitchi ndinakwera minibasi ya ku Nancholi, kumene a Eliot amakhala m'nyumba yomwe ija tinakuliramo. Alamu anga a Dorothy anandichingamira pageti, maso ali ofiira.

"Mwachita bwino kubwera, alamu," ananong'ona. "Mabatani ndikuwamangira ndine. Anandilumbiritsa kuti ndisakuuzeni."

A Eliot ndinawapeza pakhonde, gitala itatsamira khoma. Sindinapereke ndi moni womwe. Ndinaponya piki ija patebulo.

"Saundi ya achinyamata imeneyi? Mumandiyesa chitsiru ine? Munthu wamkulu ndi ndevu zanu kumadzimata guluu ngati nsapato yong'ambika!"

Ndinalalata ndithu, chifukwa ndikasiya kulalata ndikanalira. Iwo anangondisiya mpaka mpweya unandithera.

"Khala pansi," anatero. "Unayamba kumva liti?"

"Lachitatu lija ku situdiyo."

"Khutu lako lakalamba, chemwali. Chiyambire Isitala."

Anatulutsa dzanja pansi pa ntchafu n'kuliika patebulo. Pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala, pamene pamakhala mnofu wotukuka, panali pataphwa, patachita kadzenje. M'kadzenjemo khungu linkagundagunda lokha ngati muli kachilombo kofuna kutuluka. Linali dzanja la bambo, ndinalizindikira.

"Ya nyanga ija imafuna munthu woyankha," anatero mwakachetechete. "Nsambo ikakukankha, iwenso uikankhe, ndipo kukanganako ndiye mawu amene umawakonda aja. Ine ndinayamba kumva ngati piki ili m'dzanja la munthu wina. Ndinagula yapakatikati, inanditumikira mwezi umodzi. Kenako iyi. Yopyapyalayi ilibe mwano, Esnat. Nsambo ikakankha imangopinda, imakukhululukira. Kungoti mawu ake ndi a munthu wanjala."

"Mawa tipite kuchipatala."

"Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ndinapita kale, kawiri."

"Ndiye akuti chiyani?"

"Dzina lalitali lomwe lija." Anayang'ana ku phiri la Soche. "Anafunsa ngati ndili ndi abale a bere limodzi. Ndinati mmodzi, wamkazi, wolongolola. Akuti ubwere Lachinayi akakuone."

Ndinkafuna kunena kuti Lachinayi ndikujambula kwaya ya ku Bangwe, koma a Dorothy anatulukira ndi tiyi. Kapu ya achimwene anaiika kudzanja lamanzere n'kubwerera m'nyumba.

"Umawakumbukira masewera a bambo?" anafunsa.

"Ndimawakumbukira."

"Ine ndinazindikira chaka chino kuti sankayesa ife. Ankadziyesa okha. Ife tinali sikelo chabe."

Anapisa dzanja lamanzere m'thumba la malaya n'kutulutsa piki ya nyanga, yakuda, yonyezimira chifukwa cha thukuta la anthu awiri, nsonga yake itaperepeseka mbali imodzi. Anandipatsa. Inali yozizira ndiponso yolemera kuposa mmene ndinkaikumbukira.

"Gwira ndikoke," anatero.

"Achimwene, zachibwana izi."

"Gwira, Esnat. Sindikugona chifukwa cha iwe. Ndikufuna ndidziwe ndekha, dokotala asanandiuze."

Ndinaipana pakati pa zala ziwiri monga kale. Iwo anabweretsa dzanja lamanja, n'kukonza zala ndi dzanja linalo kuti zigwire bwino mbali yawo. Kenako anakoka. Ndinaona mitsempha ikutuluka m'khosi mwawo, mano atalumana, phewa lonse likunjenjemera. Koma chimene chinafika ku zala zanga chinali ngati mwanapiye akujompha chimanga m'manja. Zala zawo zinaterereka n'kugwera patebulo, masupuni n'kulira.

Nkhope yawo inawala.

"Wawina! Waona? Iwe uli bwino, chemwali. Mulungu ndi wabwino, iwe uli bwino."

Anapisanso m'thumba n'kutulutsa siwiti imodzi ya m'pepala, ya mtundu womwe uja bambo ankagula. Ndiye kuti anali ataigula kale, akundidikira. Anayesa kuisenda, pepala likuwathawa, mpaka anaimasula ndi mano n'kundipatsa. Ndinaiika m'kamwa ndikumwetulira, chifukwa munthu ameneyu anali asanasangalale chotero kwa miyezi. Sindinawauze zimene tonse tikanayenera kudziwa, kuti ngakhale mwana wa ku mkaka akanawina.

"Piki utenge," anatero pondiperekeza pageti. "Ukaipatse munthu wodziwa kuiyankha."

M'minibasi yobwerera m'tauni ndinakhala mpando wakumbuyo, pawindo. Piki ndinali nditaipanabe m'zala momwe muja, molimba, ngati wina akubwera kudzakoka. Tinadutsa masiteji atatu ndisanazindikire kuti zala zachita dzanzi.

"Mayi akumbuyoko, tiyeni tione yanu," anatero kondakitala.

Ndinaika piki pamwendo kuti nditsekule chikwama. Pachala chachikulu panali patadindika chizindikiro cha nyanga, choyera, chozama. Ndikuchiyang'ana, mnofu wa m'munsi mwa chalacho unagunda kamodzi. Ndinadziuza kuti n'kutopa, poti ndinali nditafinya kwa nthawi yaitali, ndipo dzanja la munthu aliyense limatero. Unagundanso kachiwiri.

"Mayi, mukugona?"

Ndinampatsa ndalama ndi dzanja lamanzere. Lamanjalo ndinalilowetsa pansi pa ntchafu.