Nambala Yachitatu ya Boti la Aphunzitsi

Boti la Aphunzitsi linabedwa Lachiwiri pa 14 Malichi, pakati pa 10 koloko m'mawa ndi 12 koloko masana, anthu akuona. Eni ake anali pamzere kuchipatala cha maso, kumene amapita kamodzi pamwezi.

Choko anachisiya zaka zinayi zapitazo, koma dzina linawakanirira. Atapuma ntchito anagula boti loyera la faibala, lotalika mamita asanu ndi limodzi, n'kumawolotsa anthu ndi katundu padoko. Sanali munthu wodalira mwayi. Tsiku losagwira ntchito, botilo linkatuluka m'madzi, kukwera pangolo yake, kulowa mumpanda wa padoko momwe munali mlonda, ndipo ankalimanga ndi tcheni kumzati wachitsulo. Loko wake anali ngati chibakera.

Koma chimene ankadalira kwenikweni chinali manambala. Mlamu wawo, mlongo wa akazi awo, wowotcherera zitsulo, ndiye anawadinda malo atatu. Yoyamba pa injini, poonekera. Yachiwiri kunsi kwa mpando wakumbuyo. Yachitatu anaidinda pakachitsulo kakang'ono, nakakhomera pansi pa thanki ya mafuta ndi timisomali tinayi, n'kumata faibala pamwamba, n'kupaka penti. Tsikulo anali awiriwiri, chitseko cha shedi ya mlamuyo chili chotseka.

"Alamu, wakuba amene adzapeze iyi mudzangom'patsa botilo," anatero mlamuyo akupukuta m'manja. "Ameneyo ndi mfiti, osalimbana naye."

Aphunzitsi anaseka, kenako analemba nambala ndi deti m'kope lawo.

Mlonda anafotokoza zonse osabisa. Kunabwera amuna awiri pagalimoto yabuluu, anapereka moni mwaulemu, anatsegula loko ndi kiyi, anakoka ngolo n'kumapita. Lamulo la mumpandamo n'loti wokhala ndi kiyi safunsidwa. Aphunzitsi anatola lokoyo n'kumutembenuza. Analibe bala ngakhale limodzi.

Masabata atatu anakayikira aliyense: mlonda, anzawo owolotsa anthu, ngakhale wogulitsa mafuta. Mlamu wawo anatseka shedi masiku anayi n'kumawayendetsa panjinga yamoto madoko asanu ndi awiri, akufunsa, akutukwana akuba mpaka malovu kuuma. Aphunzitsi anauza akazi awo kuti mlongo wawoyo ndi munthu, chibale sichigulidwa pamsika.

Lolemba pa 3 Epulo apolisi anaimba foni. Boti lofanana ndi lawo linapezeka m'nyumba yosungira katundu kudoko lina, litapakidwa penti yobiriwira. Vuto linali loti munthu wina ankati ndi lake, anagula, ndipo anali ndi kalata yadidindo. Wapolisi wofufuza anati nkhani ndi yachidule: aonetse chizindikiro chawo, atenge boti lawo.

Anapita ndi kope lawo. Pa injini anapeza popalidwa ndi tupa, posalala. Zimenezo ankaziyembekezera. Anagwada kusuzumira kunsi kwa mpando: naponso popalidwa. Komabe anadzilimbitsa. Wakuba wodziwa ntchito amayang'ana kunsi kwa mipando. Anadzuka, anasasa fumbi m'mawondo, napempha kuti achotse thanki.

Pansi pake panali pomatidwa bwino, paukhondo. Wapolisi anadula faibalayo ndi mpeni. Munali timabowo tinayi basi.

Aphunzitsi anayendetsa dzanja pansi pa boti lonse, kuchokera kutsogolo mpaka kumbuyo. Panalibe pena paliponse pamene munthu anaboola kapena kukanda pofufuza. Wochotsayo anafika pamalopo ngati akulowa m'nyumba mwake, ndipo atatha anamatanso mosamala, m'mphepete atasalaza ndi chala, monga amachitira munthu amene sangathe kusiya ntchito ili yosaoneka bwino ngakhale pamene akuba.

"Ankadziwa malo amenewa ndi anthu angati?" anafunsa wapolisi.

"Awiri."

"Winayo ndani?"

Aphunzitsi anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta. Wapolisi anadikira, kenako analemba zake. Anati timabowo si umboni. Pokhapokha amene anadinda kachitsuloko atabwera kudzalumbira kuti anakakhoma yekha pamenepo, botilo lipita kwa mwini kalata. Anawapatsa mpaka Lachisanu pa 28 Epulo, 12 koloko.

Kunyumba sanakweze mawu. Anangofunsa akazi awo ngati makiyi a pamsomali wa kuseri kwa chitseko anachokapo tsiku lina. Mayiwo anali akusita. Anayamba ndi kukana, kenako anakumbuka kuti mu Febuluwale achimwene anabwereka mpukutu wonse kwa ola limodzi, amati akonze loko wa pageti. Atanena zimenezo anaimika simbi, osaigwiranso. Malaya anatsala mkono umodzi wosasita.

M'mawa mwake Aphunzitsi anapita kushedi. Anapeza mlamu wawo akuwotcherera fulemu ya windo, nkhope ili m'chigoba chotchinga moto. Anamuuza zonse mwadongosolo, ndi madeti ake, ngati akuwerenga rejisitala: injini, mpando, thanki, timabowo tinayi. Moto unazima, koma chigobacho sichinakwezedwe.

"Ndiye mukuti chiyani, alamu? Mukundiganizira ine?"

"Sindinafunse kanthu. Ndikufuna mboni. Munadinda ndinu."

"Mfiti zilipo, ndinakuuzani."

"Zilipo. Zina zimasalaza faibala ndi chala."

Mlamuyo anatola chitsulo china, anachiyang'ana uku ndi uku, n'kuchibwezera pomwe chinali. Onse awiri ankadziwa kuti akakalumbira, funso lotsatira la wapolisi lidzakhala loti anauzapo ndani. Pomaliza mlamuyo anati adzabwera, asade nkhawa, chibale ndi fupa. Anayatsanso moto Aphunzitsi asanatuluke.

Pa 28 Epulo Aphunzitsi anafika kupolisi 9 koloko. Boti linali kuseri kwa ofesi pakati pa magalimoto ophwanyika, madzi a mvula atadikha mkati. Mwini kalata anafika 10 koloko, anawapatsa moni, nakhala kumapeto kwa benchi yomweyo. Akazi awo anali atachoka m'mamawa, amati akukam'tenga mlongo wawo ndi manja awo. Foni ya mayiwo inkaitana osayankhidwa. Ya mlamu inali yozimitsa.

Nthawi itakwana 11:40, wapolisi anatulutsa fomu n'kuiika patebulo. Mzere wa dzina la mboni unali usanalembedwe.