Kompyuta Imene Royce Anandipangira

Kompyuta yanga inagwidwa vairasi Loweruka lomwe amuna onse a m'tauni yathu anali kutchire kosaka agwape. Royce, chibwenzi changa, anali komweko, kumsasa wa alenje kumene foni sigwira n'komwe, ndipo ukwati wathu unali mwezi wotsatira. Makadi oitanira anthu anali asanasindikizidwe. Ndikangoyatsa kompyutayo pankatuluka timauthenga tondiuza kuti ndawina galimoto, ndikatseka kamodzi n'kubwera tina tiwiri, mpaka ndinafuna kuinyamula n'kukaiponya panja pa chipale chofewa.

Koma kuiponya sindikanatha, chifukwa inali mphatso. Royce anaipanga yekha m'galaja yanga nyengo yozizira yapitayo, akudzitsekera m'menemo ndi tizitsulo take, ndipo atamaliza anandibweretsera chibokosi chakuda chonyezimira, cha timagetsi tabuluu kutsogolo. Anati chilichonse cha m'katimo anachigula pachokhapachokha n'kulumikiza ndi manja ake. Ine ndinanyada zosati masewera. Mwamuna wanga woyamba ankalephera ndi kusintha babu komwe, ndiye kupeza munthu wopanga kompyuta ndili ndi zaka zopitirira makumi anayi, ndinalengeza kutchalitchi, kusaluni, ngakhale kwa anthu obwera ndi agalu awo kuchipatala cha ziweto kumene ndimagwira ntchito yolandira alendo.

Tsiku limenelo mkulu wanga Noreen anabwera kudzayesa diresi loti adzavale pondiperekeza. Noreen amagwira ntchito yoyankha mafoni a anthu amene makompyuta awo avuta, ndipo pakamwa pake sipapita ntchentche. Anayang'ana pa sikirini ali chivalire diresi lija, mapini ali m'mbali, n'kupukusa mutu.

"Iwe Charlene, wakhala ukudina chiyani apa? Imeneyi yaola. Palibenso zochiza, tingofufuta zonse tiikemo Windows mwatsopano. Chimbale chake chili kuti?"

"Chimbale chanji, achemwali?"

"Chimene bambo wakoyo anaikira Windows. Usandiuze kuti katswiri wathu sanakusiyire chimbale."

Sanandisiyire. Koma zimbale ndinali nazo, m'kabati ya kukhitchini, pansi pa mapepala okulungira chakudya. Nkhani yake inali yotere. Mu Januwale, mkati mwa nyengo yozizira ija, kuchipatala kwathu kunabedwa makompyuta onse atatu. Apolisi sanapeze chitseko kapena zenera lothyoledwa, choncho anati wakubayo anali ndi kiyi. Makiyi tinali nawo anthu atatu: Dokotala Vandermolen, mwini chipatala, ine, ndi Odalys, mayi amene ankasesa ndi kukolopa. Umboni panalibe, koma dokotala anamuchotsa ntchito Odalys, ndipo ndinamuona ndi maso angawa akulira m'galimoto yake, mutu uli pa chiwongolero. Kuyambira pamenepo ankachapa zofunda ku motelo ya kumsewu waukulu, ndipo akalowa m'golosale azimayi ankakokera zikwama zawo kukhwapa. Makompyuta atsopano atabwera, dokotala anandipatsa zimbale za obedwa aja kuti ndikataye. Ine sinditaya chinthu. Ndinati ndidzazipachika m'dimba kuti zizithamangitsa mbalame pa masitiroberi.

Nditamupatsa Noreen chimbale chimodzi, anachitembenuza n'kuseka mpaka pini inamubaya.

"Mayo! Aaa, koma iwe. Ichi n'cha kampani ya Halvern, cha makompyuta awo a m'maofesi. Sichingagwire pa chidole chakochi."

"Bwanji? Windows si Windows yemweyo?"

"Tamvera. Kufakitale, akamapanga kompyuta, amadinda chizindikiro chawo m'kachipangizo kena pa bolodi lalikulu la m'katimo. Chimbale chawochi chikalowa, chimayamba chafufuza chizindikirocho. Chikachipeza, basi, chimaika zonse n'kuvomereza chokha kuti Windows ndi weniweni, osakufunsa nambala, osaimba foni. Chikapanda kuchipeza, chimakana. Ndiye zimbale za mtundu uwu n'zamwano kwambiri, zimafuna mtundu weniweniwo wa kompyuta imene zinabwera nayo. Yopangira m'galaja ayi."

"Tangoyesani, achemwali. Titaya chiyani?"

"Titaya Loweruka langa. Chabwino, koma chikagwira ndidya diresi ili ndi mapini omwe."

Anakopera zithunzi zanga ndi mayina a oitanidwa pa fulashi, n'kulowetsa chimbale chija. Ine ndinapita kukatenthetsa mapasite, timabanzi ta nyama ndi mbatata mkati, mu uvuni. Ndinkayembekeza kumva akundiitana kuti ndidzaone mmene chakanira, koma kuchipinda chochezera kunali zii. Nditabwerera ndi mbale ziwiri, ndinapeza Noreen ataima, manja ali m'chiuno, akuyang'ana kamzere kobiriwira kakuyenda pang'onopang'ono pa sikirini.

"Sichinakane?" ndinafunsa.

"Chikana kutsogoloku," anatero, koma mawu ake anali atachepa.

Tinadya maso ali pa sikirini. Kamzere kaja kanafika kumapeto, kompyuta inazima n'kuyakanso yokha, kenako panatuluka chithunzi cha phiri lobiriwira ndi dzina loti Halvern pakona. Chithunzi chimenecho ndinkachidziwa bwino, chifukwa ndinkachiona m'mawa uliwonse pa desiki yanga kuchipatala mpaka tsiku la kuba lija. Noreen anadinadina mofulumira n'kutsegula pamene pamalembedwa ngati Windows wavomerezeka. Panali palembedwa kuti wavomerezeka. Nambala sinafunsidwe ngakhale imodzi.

Ine ndinaomba m'manja. "Diresi lija mudya ndi mchere kapena ndi kechapu?"

Noreen sanaseke. Anakhala pampando pang'onopang'ono, kukamwa kuli yasa, ndipo nkhope yake inandiopsa kuposa vairasi ija.

"Charlene, kompyuta iyi ndi Halvern."

"Ayi, anapanga ndi a Royce."

"Bokosili mwina anagula. Koma za m'katimo ndi Halvern, mtundu womwewo wa kuchipatala kwanu. Chimbale sichinama, sichidziwa kuti iwe uli pa chibwenzi. Chalowa, chapeza chizindikiro cha kwawo, basi chakhala pansi ngati chafika pakhomo."

"Koma ikamayaka sinkaonetsa dzina limeneli."

"Zimenezo amabisa, n'zosavuta. Chizindikiro cha m'kati chija n'chimene anaiwala, kapena sankadziwa n'komwe kuti chilipo."

Ndinapsa mtima, ndipo ndinapsera Noreen. Ndinamuuza kuti makompyuta a Halvern ali mbwee dziko lonse lino, kuti munthu akhoza kugula bolodi lakale kulikonse, kuti iye kuyambira kale safuna kuti ine ndisangalale. Ndinalankhula zambiri zimene sizinali zoona. Iye anangondisiya mpaka mpweya unandithera.

"N'zotheka anagula lakale," anatero. "Nanenso ndikufuna zikhale choncho, ndagula kale nsapato za ukwati. Bweretsa sikuludiraiva titsegule."

Tinazimitsa, n'kugoneka bokosi lija pa tebulo pakati pa mbale. Chivundikiro chitachoka, m'katimo munali mwaukhondo, mawaya omangidwa bwinobwino, zooneka kuti munthu anapukuta mosamala. Mtima unayamba kukhala m'malo. Kenako Noreen anamasula kafani kamene kamaziziritsa pakati pa bolodi. Pansi pake, m'mipata ya chitsulo choonda ngati mano a chipeso, munali mutathithikana ubweya. Anaukoka ndi pini ya diresi, ndipo unatuluka wonse pamodzi, wofiirira ngati karoti.

Ine ndilibe mphaka. Royce akangoyandikira mphaka amayetsemula mpaka misozi, n'chifukwa chake kuchipatala ankandidikirira panja. Koma kuchipatalako tili ndi Cheddar, mphaka wonenepa wofiirira amene wakhala kumeneko zaka zambiri, ndipo malo ake ogona nyengo yozizira anali pamwamba pa kompyuta ya pa desiki yanga, chifukwa pankafunda.

Ndinakhala pansi penipeni, pa kapeti, ubweya uja uli m'manja. Chimene chinandibwerera m'mutu si apolisi kapena dokotala ayi. Ndinakumbukira Royce akuyetsemula m'galaja masiku amene ankapanga kompyutayo, maso ali psuu, ine n'kumamuphikira supu ya nkhuku ndi kumugulira mankhwala a chimfine, ndikumumvera chisoni kuti akudzivutitsa m'chisanu chifukwa cha ine.

"Chikomekome cha nkhuyu," Noreen anayamba, koma ataona nkhope yanga anasiyira pomwepo. Anakhala nane pa kapetipo, diresi lodzandiperekezera lija lili m'thupi, n'kundigwira dzanja.

Royce anabwera Lamlungu masana, gwape ali kumbuyo kwa pikapu. Analowa akununkha utsi, ndevu zili nyankhalala, akuseka.

"Amayi a nyumba! Tulukani mudzaone nyanga. Nyama ya pa ukwati yapezeka, musavutikenso."

Kompyuta ndinali nditaibwezeretsa n'kuiyatsa pa tebulo, phiri lobiriwira lija lili pa sikirini. Ataliona anasiya kuseka, koma anachira msanga.

"Mwaitani kompyuta yanga?"

"Inagwidwa vairasi. Taikamo chimbale cha kuchipatala, ndipo chavomera chokha. Achemwali akuti sichivomera pa kompyuta yachilendo."

"Aaa, zimenezo? Bolodi lake ndinagula lakale kwa mkulu wina ku Marquette. Ndimaopa kukuuzani kuti mungaione yotchipa. Noreen asakusokonezeni mutu, iye uja amangowerenga zolembedwa pa pepala n'kumauza anthu pa foni."

Ananena mosadodoma, akuvula jekete, moti chikhala kuti sitinatsegule bokosi lija ndikanamukhulupirira, mwinanso n'kumupepesa. Ndinatenga sosala imene ndinaikapo ubweya uja n'kuikankhira kutsogolo kwake.

"Nanga mkulu wa ku Marquette ameneyo amaweta Cheddar?"

Anawerama kuti aone bwino. Mphuno yake inanjenjemera, anayesa kudzigwira, koma anayetsemula kamodzi kamphamvu, ubweya uja n'kuuluka kugwera pa kapeti. Palibe anaseka.

"Kiyi wanga munamutenga liti, a Royce?"

Ndinkafuna akane. Kunena zoona, ndinkapemphera kuti akalipe, amenye tebulo, andiuze kuti ndapenga. Koma anakhala pampando n'kupukuta mphuno ndi dzanja.

"Munali m'bafa," anatero. "Ndinabweza musanaumitse n'komwe tsitsi."

Ndinamuyang'ana munthu amene ndinali nditamusankhira kale nyimbo yovinira pa ukwati, ndipo sindinamudziwe. Chimene chinandiimitsa mutu kwambiri ndi mmene ananenera, ngati akundiuza kuti anabwereka galimoto n'kuibweza ili ndi mafuta.

"Ndipo Odalys? Munkadziwa kuti amuchotsa ntchito. Ndinakuuzani pa tebulo lomweli kuti ndamuona akulira, inu n'kuyankha kuti anthu ena sayamika."

"Dokotala uja ali ndi inshulansi, Charlene, sanaluze kanthu. Odalys anapeza ntchito ina. Ine ndinali pa ulova, munkafuna ndibwere kwa inu chimanjamanja? Ndinachitira ife. Imodzi ndinakupangirani inu, ziwiri zinazo ndinagulitsa."

"N'kugula chiyani?"

Anangoyang'ana dzanja langa lamanzere.

Mphete ya chitomero imene anandiveka ndinali nditaivala kuyambira mu Malichi osaivulapo. Odalys yemwe anaiona tsiku lina m'golosale, anandigwira chala n'kunena kuti ndi yokongola, Mulungu andidalitse. Ndinayamba kuikoka koma inakana, chala chinali chitatupa. Ndinapita pa sinki, ndinathira sopo wotsukira mbale, n'kupotokola mpaka khungu linasupuka, Royce ali kumbuyo kwanga akuti tikambirane ngati anthu akuluakulu, makadi sanapite, palibe akudziwa za kubako, Noreen ndi wachibale sangaulule. Itavuka sindinamupatse. Sinali yake, ndipo sinali yanga.

"Tengani gwape wanu muzipita," ndinatero. "Mawa m'mawa ndikupita kwa dokotala, kenako kupolisi. Mukafuna kukafika kumeneko ine ndisanafike, msewu mukuudziwa."

Pikapu itatuluka pageti, ndinatola ubweya uja pa kapeti n'kuuika m'kathumba ka pulasitiki pamodzi ndi mphete ndi chimbale. Ndinazula mawaya a kompyuta, ndinainyamula n'kuikhazika pampando wakutsogolo wa galimoto yanga, n'kuimanga lamba kuti isagwe. Sindinadikire mawa. Kwa dokotala kunali kumanja, koma pamphambano ndinakhotera kumanzere, kumsewu waukulu.

Ku motelo ndinamupeza Odalys m'chipinda chochapira, akupinda nsalu zoyala pabedi, nthunzi ili tolotolo. Atandiona anamwetulira n'kupukuta manja pa epuloni.

"A Charlene! Mwabwera ndi khadi langa la ukwati?"

Iye anayang'ana nkhope yanga, kenako chala changa chosupuka chija, ndipo anasiya nsalu imene anagwira.

"Ukwati kulibe," ndinatero. "Tiyeni kugalimoto, mayi. Ndabwera ndi kompyuta imene ankati munaba."